Sukulu yaima pa mawindo: kodi phungu tingamusumire?

Bambo wina yemwe ndi mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija timati VDC, wafunsa nkhani iyi. Phungu wa dera lawo adalonjeza pamsonkhano kuti amanga makalasi awiri ndi ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu. Anthu adatuta mchenga ndi miyala, amayi adatunga madzi, kontrakitala adabwera, khoma lidafika pa mawindo, kenako zii. Akumva kuti ndalama zonse zidatuluka. Akufuna kudziwa ngati angasumire phunguyo kapena kumuchotsa pampando, ndiponso kumene angakadandaule.

Bambo mlembi, ndiyambe ndi mbali yowawa. Lonjezo la pamsonkhano wa ndale si mgwirizano umene bwalo la milandu lingakakamize munthu kuukwaniritsa. Mukapita kwa majisitireti ndi mawu oti "adalonjeza", mlanduwo sufika patali. Kumuchotsa pampandonso simungathe. Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 anali ndi gawo 64 lomwe linkapatsa ovota mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, koma aphungu adalichotsa mu 1995 ndipo silidabwezeretsedwe. Mpando wa phungu umakhala wopanda munthu pa zifukwa zimene zili m'gawo 63, monga imfa, kutula pansi udindo, kapena kupezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo, komanso pa nkhani yosintha chipani ya m'gawo 65. Kusamaliza sukulu palokha mulibemo.

Izi sizikutanthauza kuti manja anu ndi omangika. Vuto ndi loti mwaloza munthu amene alibe mapepala a ntchitoyo. Ntchito yeniyeni ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ya dziko, kufunsa nduna mafunso ndi kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama. Chitukuko cha m'madera gawo 146 la malamulo oyendetsera dziko lidachipereka kumakhonsolo, ndipo lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 ndilo limafotokoza kayendetsedwe kake. Chisokonezo chidakula chifukwa kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, CDF idayamba mu 2006 mkati mwa nthawi yomweyo, ndipo mu 2010 lamulo lija lidasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'makhonsolo. Anthu adazolowera kuti mjigo, mlatho ndi sukulu ndi za "abwana a phungu". Mu May 2025, pa mlandu umene lidabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, Bwalo Lalikulu lidagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka CDF ndi kuvota kwawo m'makhonsolo kukutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, chifukwa wolondoloza ndalama sangakhalenso wozigwiritsa ntchito.

Kwa inu mfundo yogwira ndi iyi: ndalama za CDF ndi za boma, zimadutsa ku akaunti ya khonsolo, ndipo woyankha pa ndalama za khonsolo ndi bwanamkubwa. Kontrakitala sangalandire tambala popanda wina wa kukhonsolo kusainira. Choncho yambani kutsata mapepala.

Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko limakupatsani ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo lamulo lofotokoza ndondomeko yake lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lembani kalata kwa mkulu woona zopereka uthenga kukhonsolo, ina ipite kwa bwanamkubwa. Musalembe kuti "tikufuna kudziwa za sukulu yathu", chifukwa mudzayankhidwa ndi chiganizo chimodzi chopanda mutu. Tchulani chimodzichimodzi: mgwirizano umene khonsolo idasainirana ndi kontrakitala, ndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake, zokambirana za komiti yogula katundu pa tsiku limene idasankha kontrakitalayo, masetifiketi a ofesi ya zomangamanga otsimikizira gawo la ntchito limene latha, mavocha a malipiro, ndiponso ndondomeko za CDF zimene zinkagwira ntchito chaka chimenecho, poti zakhala zikusintha. Pitani ndi makalata awiri ofanana, imodzi idindidwe chidindo cha tsiku limene yalandiridwa ndipo mubwerere nayo. Ambiri amagwa pomwepa: amasiya kalata kwa mlonda kapena kwa mesenjala, pakatha mwezi amauzidwa kuti sidafike. Lamulo limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. Kupempha ndi kwaulere, mumangolipira za fotokope. Akakana kapena akangokhala chete, pemphani kaye kuti khonsoloyo iunikenso nkhaniyo, ndipo zikakanika dandaulani ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, lomwe lidapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.

Podikira yankho, sonkhanitsani umboni wa pamalopo. Jambulani nyumbayo mbali zonse zinayi pa foni yoonetsa tsiku. Werengani mizere ya mabuloko kuchoka pa maziko, lembani ngati linta idathiridwa, ngati mafelemu a zitseko ndi mawindo alipo, ngati malata ndi matabwa a denga adafikapo n'komwe. Ngati komiti ya ntchitoyo inkalemba katundu wolandiridwa, sungani bwino kabukuko. Phindu lake ndi ili: setifiketi ikanena kuti denga lidakhomedwa ndipo ndalama yake idalipidwa, pamene chithunzi chikuonetsa udzu ukumera m'kalasi yopanda denga, nkhani yachoka pa mphekesera, yasanduka umboni. Ndipo amene adasainira setifiketiyo ali ndi dzina ndi udindo. Funsaninso anzanu a m'komiti ngati pali amene adasainitsidwa pepala lopanda kanthu kapena lolembedwa m'Chingerezi osamuwerengera. Izi zimachitika kawirikawiri, ndipo ndi bwino munthuyo anene yekha msanga kusiyana ndi kudzatulukira pa nthawi ya kafukufuku ngati mmodzi wa ovomereza kuti ntchito idatha.

Mapepala akakhala m'manja, kopita kumadalira zimene mwapeza. Ngati ndalama zidakalipo koma ntchito idangoima, nkhaniyo ipite ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ilembedwe m'zokambirana, ndipo khansala wa wodi yanu akaiike pa msonkhano wa khonsolo yonse. Misonkhano imeneyi ndi yotseguka kwa anthu, pitani mukakhalepo. Ngati akuluakulu a kukhonsolo akukuzembani kapena adalephera udindo wawo, lembani ku ofesi ya Ombudsman, yomwe gawo 123 la malamulo oyendetsera dziko limaipatsa mphamvu yofufuza kupanda chilungamo m'maofesi a boma. Sipafunika loya ndipo simulipira. Ngati mwapeza malipiro a ntchito yosagwiridwa, kapena kuti kampaniyo ndi ya phungu yemweyo kapena m'bale wake ndipo sadaulule, imeneyo ndi ya bungwe lothana ndi katangale la ACB, lomwe limagwira ntchito pansi pa lamulo la mu 1995. Apa uphungu suteteza munthu. Chitetezo cha m'gawo 60 la malamulo oyendetsera dziko chimakhudza zimene phungu wayankhula m'Nyumba ya Malamulo ndi kumangidwa ali kumeneko kapena pa ulendo wa kumeneko, osati ndalama za sukulu.

Njira ya Bwalo Lalikulu ilipo, yopempha oweruza kuti aunike chiganizo cha ofesi ya boma. Wosumiridwa amakhala khonsolo kapena bwanamkubwa. Mumayamba mwapempha chilolezo cha bwalo, kusonyeza kuti nkhaniyo ikukukhudzani mokwanira, ndipo makolo a ana a pasukulupo ndi komiti yanu ali ndi poyambira pabwino. Chopinga chachikulu ndi nthawi: pempholi liyenera kufika kubwalo msanga, pasanathe miyezi 3 chiganizo chiperekedwe. Bwalo likhoza kuwonjezera nthawi koma pokhapokha patakhala chifukwa chomveka. N'chifukwa chake kalata yodindidwa ija ndi yofunika kwambiri, pakuti kukana kwa khonsolo kupereka mapepalawo ndi chiganizo chatsopano chokhala ndi tsiku lake, ndipo gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko limakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa zake molemba. Dziwaninso kuti bwalo likhoza kulamula khonsolo kuchita udindo wake kapena kufafaniza chiganizo cholakwika, koma mukagonja mukhoza kulamulidwa kulipira zimene mbali inayo yawononga. Ine ndingakulangizeni kuti njira iyi ikhale yomaliza, ndipo musanaiyambe kaonaneni ndi a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, ngati komiti ilibe ndalama ya loya.

Phungu yemweyo musamutaye. Mulembereni kalata yomupempha kuti afunse nduna ya maboma aang'ono m'Nyumba ya Malamulo za ntchitoyi, kapena kuti apereke dandaulo lanu ku komiti ya aphungu yolondoloza ndalama za boma. Imeneyo ndiyo ntchito imene mudamusankhira, ndipo kuyankha kapena kusayankha kwake kudzakhala pa pepala pofika chisankho.

Chenjezo limodzi: musalembe pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti wakutiwakuti ndi wakuba musanakhale ndi umboni, chifukwa akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri, nkhani ya sukulu n'kuiwalika. Lembani zimene zikuoneka: ndalama zakuti zidalipidwa tsiku lakuti, nyumba ili pa mawindo. Mukaganiza zochita zionetsero, lamulo la apolisi limafuna kuti mudziwitse bwanamkubwa molemba kudakali maola osachepera 48, mutchule tsiku, njira yodutsa ndi amene akutsogolera.