Tiwakumbukire bwanji injiniya wathu amene anatisiya?

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito pakampani ina yomanga misewu ndi milatho kuno ku Lilongwe. Miyezi isanu yapitayo tinataya injiniya wathu wamkulu, bambo wofatsa amene ankati akapeza mnyamata walakwitsa muyezo wa simenti ndi mchenga, ankamuitanira pambali n'kumulangiza mwakachetechete, osamuchititsa manyazi pagulu. Chipepeso tinapereka, koma mitima yathu sinakhazikike. Anzanga akuti tisonkhe ndalama tikamange chiliza pamanda awo ku Area 18. Kodi n'koyenera kutero? Ndine wowerenga wanu wa ku Kawale.

Yankho: Pepani kwambiri chifukwa cha zovutazi. Maganizo a anzanuwo ndi abwino, koma chiliza ndi nkhani ya abale, ndipo eni mbumba ndiwo amadziwa nthawi yake, imene m'mabanja ambiri imafika pakatha chaka. Tumizani anthu awiri achikulire apantchitopo kuti akakhale pansi ndi mayi amasiyewo pamodzi ndi akubanja, akafunse pamene pakuvuta. Musadabwe akakakuuzani kuti chimene chikuwasowetsa tulo ndi fizi ya ana, osati simenti ya kumanda.

Koma chimene chandikhudza m'kalata yanu ndi khalidwe limene mwafotokozalo. Pamaliro aliyense amaimirira n'kunena kuti malemu anali munthu wabwino, mawu amene timanenera ngakhale anthu amene ankativutitsa, pamene ana a injiniya wanuyo sanawaonepo bambo awo atavala chipewa cholimba chija, akuwerama padzuwa la Okutobala kuti asonyeze mnyamata watsopano kamangidwe ka zitsulo. Inu nokha ndinu munaziona zimenezi. Aliyense alembe tsamba limodzi la zimene akukumbukira, atchule malo ndi ntchito yake, ngakhale zazing'ono monga kuleza mtima kwawo podikira masiku 28 kuti konkire ikhwime iyesedwe, ena akufulumiza. Masambawo muwamange pamodzi mukawapereke kubanjako.

Ngati ndalama zingatsaleko, kambiranani ndi akuluakulu a kampani kuti chaka chilichonse muzilandira wophunzira mmodzi wa ku Lilongwe Technical College kapena wa ku yunivesite ya MUBAS, imene mpaka 2021 inkatchedwa Polytechnic, adzaphunzire ntchito m'dzina la malemuwo. Pomusankhira womuyang'anira, yambani ndi anyamata aja amene ankaitanidwira pambali.