Mafunde anga akusanduka matope

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Chitakale. Mwezi watha ndinagula penti wa mafuta wa m'machubu ku Blantyre, ndipo ndikukopera chithunzi cha Ivan Aivazovsky chotchedwa The Ninth Wave, chimene ndinachiona pa foni. Koma mafunde anga akungooneka ngati matope a m'dimba, ndipo sabata yatha penti osauma. Nyanja ya mchere nayo sindinaionepo. Kodi ndasankha chondikulira msinkhu?
Wowerenga, Mulanje

YANKHO: Aphunzitsi, musachisiye ayi. Ine ndimachikonda kwambiri chithunzi chimenechi: anthu ochepa atakangamira mlongoti wa chombo chosweka, funde lalikulu likubwera, koma dzuwa likutuluka. Anachijambula mu 1850, ndipo chili ku Russian Museum mumzinda wa St Petersburg. M'litali chimapitirira mamita atatu. Inu yambani pa kahadibodi kofanana ndi kaundula wa m'kalasi, kopakidwa kale penti woyera woyambira.

Matope mukuwaonawo akubwera chifukwa chofulumira. Penti wa mafuta sauma ngati wa pakhoma. Mafuta a linseed amene ali m'kati mwake amalimba pang'onopang'ono akamakumana ndi mpweya, ndipo chiperoni cha kwathu kuno chikagwa amachedwerapo. Kuno ku Thyolo, mu Julayi, ndimasiya chithunzi masiku angapo osachikhudza. Mukapaka wobiriwira wa nyanja pamwamba pa wachikasu wa kumwamba asanaume, awiriwo amasakanikirana n'kubala mtundu wa dothi.

Choncho poyamba sungunulani burnt umber, penti woderako wa mtundu wa khofi, ndi turpentine, mankhwala osungunulira penti, mpaka akhale wamadzimadzi ngati tiyi wopanda mkaka. Ndi ameneyo lembani pamene pali mdima: kunsi kwa funde, mlongoti, m'mbali mwa mitambo. Ameneyu sachedwa kuuma. Kenaka popaka kachiwiri ndi kachitatu muzionjezera timafuta ta linseed pang'ono. Mukatembenuza, wamafuta ambiri pansi ndi wochepa pamwamba, chithunzi chidzang'aluka ngati dambo mu Okutobala.

Tsopano pamene pali pokoma, nsonga ya funde imene imawala mobiriwira. Musasakanize woyera ndi wobiriwira, mudzapeza mtundu wa khoma la chipatala. Mawa m'mawa thyolani tsamba lanthete la tiyi muliyang'anitse kudzuwa. Muona kuti kuwalako kukuchokera kuseri kwa tsamba. Chitani chimodzimodzi: pakani wachikasu wowala pansonga pa funde, dikirani aumiretu, ndiye mupake penti wobiriwira wotchedwa viridian wosungunula ndi linseed, wopyapyala ndithu, kuti wachikasuyo azionekera m'kati. Tsiku limene ndinachita zimenezi koyamba ndinakhala phee kutsogolo kwa chithunzi mpaka dzuwa kulowa.

Thovu libwere pomaliza. Tengani burashi yolimba, yongotsala pang'ono kuuma, muigunditse pa penti woyera wotchedwa titanium white wothira kachikasu pang'ono, muikoke motsata msana wa funde. Pang'ono pokha. Ambiri ongoyamba amadzaza thovu paliponse, nyanja n'kukhala ngati beseni lochapira.

Za nyanja musadandaule nazo. Aivazovsky anakulira ku Feodosia m'mbali mwa Black Sea, komabe zithunzi zake zambiri ankajambulira m'nyumba kuchokera m'mutu. Inu muli ndi mtsinje wa Likhubula pafupi. Mvula ikagwa imani patali, pamalo otetezeka, muone mmene madzi amadera kunsi asanaphulike n'kuyera. Mitambo ya namondwe muli nayo kale pamwamba pa Sapitwa. Patchuthi cha m'nyengo ya mwera mukafike ku Salima mukaone funde likudzuka ndi kugwa.

Chomaliza n'chofunika: tsegulani mazenera mukamagwiritsa ntchito turpentine, ndipo nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike pakona, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja kapena muziviike m'chitini cha madzi.