Holo ya anthu imangidwe pasiteji ya basi kapena kutali ndi phokoso?

Mayi wina amene ali mu komiti yokonza zomanga holo ya anthu onse pamodzi ndi laibulale yaing'ono wanditumizira imelo. Akuti apatsidwa malo awiri kuti asankhepo. Oyamba ndi aakulu, a zii, koma ali kumapeto kwa tauni. Achiwiri ndi opanikizika, ogundizana ndi siteji ya mabasi, pomwe pali fumbi ndi phokoso. Anzawo ambiri akukonda aakuluwo poti mpata woimika magalimoto ulipo. Tsono akufunsa ngati akulakwitsa kuumirira a pasitejiwo.

Mayi, simukulakwitsa. Umirirani ndithu.

Anthu amalowa m'nyumba imene yaima panjira yomwe amadutsa kale. Akatswiri okonza mizinda amawerengera kuti munthu amalolera kuyenda pansi mamita 400 mpaka 500 kuti akafike pasiteji, ndipo mtunda ukapitirira apo ambiri amayamba kugwa ulesi. Taganizirani agogo oyendera ndodo, kholo lonyamula mwana, kapena mwana wasukulu wofuna kubweza buku asanakwere basi. Holo ya kumapeto kwa tauni idzadzaza pa tsiku la msonkhano waukulu, koma masiku ena onse mudzapezamo mlonda yekha. Zimandipweteka kuona nyumba yomangidwa ndi ndalama za anthu onse ikutumikira ochepa okha amene ali ndi galimoto.

Mzinda wa Curitiba ku Brazil udazindikira zimenezi kalekale. Jaime Lerner, katswiri wojambula mapulani a nyumba, adakhala meya kumeneko mu 1971, ndipo mu 1974 mabasi adayamba kuyenda m'njira zawozawo zimene magalimoto ena saloledwa kulowamo. Mu 1991 adamanga masiteji agalasi momwe munthu amalipira asanakwere, pansi pake pali pofanana ndi pansi pa basi, moti ngakhale woyenda pa njinga ya olumala amangolowa osanyamulidwa. Koma chimene ndikufuna mukawauze anzanu ndi ichi: m'zaka za m'ma 1990 mzindawo udamanga nyumba zotchedwa Ruas da Cidadania moyandikana ndi madepoti a mabasi. M'menemo muli maofesi a khonsolo, timasitolo, zipinda za misonkhano ndi mabwalo a masewera. Munthu amatsika basi, n'kukonzetsa chikalata chake, n'kukwera ina. Ulendo umodzi wagwira ntchito ziwiri, mafuta apulumuka, utsi wachepa.

Ku Medellín, ku Colombia, adachitanso chimodzimodzi. Mu 2004 adatsegula Metrocable, timagalimoto toyenda pa chingwe m'malere, tofika kwa anthu osauka okhala m'mapiri, ndipo mu 2007 adatsegula laibulale ya España pafupi ndi siteji ya Santo Domingo. Nyumbayo idatchuka padziko lonse chifukwa cha maonekedwe ake, koma mu 2015 idatsekedwa poti makoma ake akunja adamangidwa molakwika. Malo adasankha bwino, mamangidwe ndiwo adawagwetsa. Ndiye musatengeke ndi chithunzi chokongola cha pakompyuta. Mufunseni wojambula pulani kuti madzi a mvula adzadutsa pati komanso adzakonza ndani denga likayamba kudontha.

Nanga phokosolo? Limeneli ndi vuto loti pulani ikhoza kulithetsa, pomwe mtunda sungathetsedwe ndi pulani ina iliyonse. Zipinda zosaopa phokoso, monga zimbudzi, timasitolo ndi chosungiramo katundu, zikhale mbali ya kumsewu kuti zitchinge. Chipinda chowerengeramo chikhale kumbuyo, mazenera ake ayang'ane pabwalo lamkati lokhala ndi mitengo. Pakati pa siteji ndi khomo pakhale khonde lalikulu la mthunzi, lopanda mpanda kapena geti, loti wodikira basi abisalepo mvula osafunsidwa kuti akufuna chiyani. Khonde limenelo ndi limene lidzakhale pokumanirana penipeni, kuposa holoyo.

Mabenchi musaumire. William H. Whyte, wofufuza za mizinda wa ku America, adajambula mafilimu a mabwalo a mu New York m'zaka za m'ma 1970 pofuna kudziwa chifukwa chake ena amadzaza pomwe ena amakhala opanda anthu, ndipo chachikulu chimene adapeza n'chakuti anthu amachuluka pomwe pali pokhala pokwanira. Mavenda nawo apatseni malo awo mupulani momwemo, okhala ndi mpopi ndi potaya zinyalala, poti adzabwera ngakhale muwaletse, ndipo maso awo ndi amene amateteza malo madzulo. Poimika njinga pakhale pafupi ndi khomo, poonekera.

Za kutentha, onani zimene Francis Kéré, katswiri wojambula mapulani a nyumba, adachita pa sukulu ya pulayimale ya ku Gando, ku Burkina Faso, yomwe idatha kumangidwa mu 2001. Makoma ndi a njerwa zadothi, ndipo denga la malata adalikweza n'kusiya mpata pamwamba pa siling'i kuti mpweya wotentha uzituluka. M'kalasi mumazizira popanda makina a magetsi. Kéré adalandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi mphoto yaikulu ya ojambula mapulani a nyumba, mu 2022. Pamalo opanikizika ngati anuwo, denga lotere likhoza kutambasuka mpaka kuphimba podikirira basi.

Musanapite kumsonkhano wa komiti, chitani zinthu ziwiri. Tumani achinyamata akaime pa malo onse awiri, m'mawa, masana ndi madzulo, tsiku lantchito ndi Loweruka, awerenge anthu odutsa wapansi, ndipo manambalawo mukawaike patebulo. Kenako mukafunse ku khonsolo ngati palibe maganizo osamutsa sitejiyo m'zaka zikubwerazi, ndipo yankho lake akupatseni lolemba.