Masipika odula, mawu osakoma: kodi vuto lili pati?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Britain, ndipo mu Febuluwale ndinapita ku Bristol Hi-Fi Show, chionetsero cha zipangizo zomverera nyimbo chimene chimachitikira m'zipinda za hotela mumzinda wa Bristol. M'chipinda china ndinamva masipika amene mtengo wake ungagule galimoto, koma besi yake inkamveka ngati ng'oma yosawamba, pomwe m'chipinda choyandikana nacho timasipika tating'ono tinkatulutsa mawu oyera moti ndinkamva ngakhale kupuma kwa woyimba. Kodi makutu anga ndiwo ali ndi vuto, kapena zipangizo zodulazi n'zongotidyera ndalama? — Wowerenga wa ku Leeds

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Makutu anu ali bwinobwino, ndipo chimene chinakukhumudwitsani si sipika ayi, koma chipinda chimene anaiikamo.

Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndipo akawomba khoma amabwerera n'kukumana ndi ena amene akungotuluka kumene mu sipika. M'chipinda cha mamita 4 m'litali, kukumana kumeneku kumakulitsa kwambiri mawu a besi a pafupifupi 43 Hz (kutanthauza mawu onjenjemera ka 43 pa sekondi), omwe ali pafupi zedi ndi 41 Hz ya nsambo yaikulu ya gitala ya besi ya nsambo zinayi. Choncho woyimba akagunda nsamboyo, chipinda chonse chimayamba kulira nawo, ndipo mawu ena onse amamira. Sipika yaikulu imatsika mpaka kumeneko mwamphamvu chifukwa inapangidwira chipinda chachikulu, pamene kasipika kakang'ono sikafikako kwenikweni, n'chifukwa chake sikadzutsa phokosolo. Komanso kumbukirani kuti achionetsero amakhala ndi nthawi yochepa yokonzera chipinda chimene sanachizolowere, chokhala ndi zenera lalikulu lagalasi ndi makoma opyapyala, kwinaku nyimbo za m'chipinda china zikulowerera pakhomo.

Palinso msampha wina umene umakola ngakhale akadaulo. Khutu la munthu likamva zipangizo ziwiri, limakonda chimene chakwezedwa pang'ono, ngakhale kusiyanako kutakhala kwa desibelo imodzi yokha (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa mawu), chifukwa mawu akakwera besi ndi mawu opyapyala (treble) zimamveka zodzaza. Mukadzapitanso, pemphani kuti mawu akhale pamlingo wofanana musanayerekeze, khalani pampando wapakati, ndipo funsani mwaulemu ngati angakuikireni nyimbo imene inu mumaidziwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nyimbo zimene iwo amasankha, nthawi zambiri woyimba mmodzi ndi piyano kapena gitala, zimakoma pa chipangizo chilichonse, koma kwaya ya anthu ambiri yoyimba ndi ng'oma ndiyo imaulula ngati sipika imatha kulekanitsa mawu.

Sindinganene kuti mtengo ulibe tanthauzo. Makampani ngati KEF, imene inayamba mu 1961 ku Maidstone, kapena Bowers & Wilkins ya ku Worthing, imene inayamba mu 1966, akhala zaka zambiri akufufuza mmene angaletsere bokosi la sipika kunjenjemera, ndipo luso limenelo limamveka ndithu pamene chipinda chili choyenera. Komabe mtengo ukakwera kawiri sizitanthauza kuti ubwino nawo wakwera kawiri, ndipo mbali ina ya ndalamazo imapita ku matabwa okongola ndi ku kuchepa kwa zipangizo zimene amapanga.

Musanagule kanthu, yambani ndi zimene muli nazo kunyumba. Chotsani masipika pakona, muwasunthire kutsogolo pafupifupi theka la mita kuchoka kukhoma, ndipo mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ufanane ndi mtunda wa kuchoka pa sipika iliyonse kufika pamene mumakhala. Yalani kapeti pansi, tsekani makatani, kenako muikenso nyimbo yanu ija. Ngati mudzafunebe kugula, pemphani wogulitsa akuloleni kuyesera masipikawo m'chipinda chanu kwa masiku angapo, monga momwe masitolo ena a zipangizozi ku Britain amalolera.