Kwa achimwene ofuna kuyamba ski ya pamadzi koma alibe boti

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma tulo tinandiposa mphamvu. Mwati munakokedwako ndi boti kamodzi pa loji ina ku Mangochi, zinakulowani m'magazi, pano muli ku Johannesburg ndipo mukufuna kupeza anthu ochita zimenezi, koma boti mulibe, simudziwa munthu, komanso za mipikisano ayi, mukungofuna kusewera basi. Inenso ndinayambira pomwepo, ndiye tamverani.

Anthu a maboti aja amakusowani inuyo kuposa mmene mukuganizira. Ski siitheka ndi anthu awiri. Pamafunika woyendetsa, wokokedwa, ndi wachitatu wokhala m'boti atatembenukira kumbuyo maso ali pa wokokedwayo, ndipo kuno ku South Africa limenelo ndi lamulo, wachitatuyo ndi amene amakweza mbendera yofiira munthu akagwa kuti maboti ena asamuponde. Ndiye umapeza bambo ali ndi boti la ndalama zankhaninkhani, petulo wathira kale, koma mnzake wamugwiritsa fuwa lamoto Loweruka m'mawa, wangoti ndwii pagombe. Polowera panu ndi pamenepo. Ngakhale Ralph Samuelson amene anayambitsa masewerawa mu 1922 pa Lake Pepin ku Minnesota, ali ndi zaka 18, ndi matabwa awiri ndi chingwe choyanikira zovala, anachita kukokedwa ndi mchimwene wake. Kuyambira kale ndi masewera odalirana.

Ndiye sakani pa Facebook magulu ndi makalabu a ku Vaal River, Vaal Dam kapena Bronkhorstspruit Dam, ndipo polemba musanene kuti "ndani angandikoke", nenani kuti ndine wophunzira, ndikhoza kukhala woyang'ana kumbuyo, petulo tigawana. Mawu a petulowo musawaiwale chonde. Injini zimenezi zimamwa ngati zili paukwati, ndipo munthu wobwera chimanjamanja kawiri katatu samuitananso, sakuuzani chifukwa, mumangoona gulu la WhatsApp lati zii. Ku damu la Hartbeespoort nakonso kuli anthu koma namasupuni, yemwe uja wa mu Shire, nthawi zina amatseka madzi mpaka kumaoneka ngati bwalo la mpira, ndiye muzifunsa kaye musanawononge thiransipoti.

Kulawira. Akati 6 koloko ndi 6 koloko ya azungu osati yathu ija, chifukwa madzi amakhala bata m'mamawa mphepo isanadzuke ndi ma jet ski asanayambe misala yawo, komanso chilimwe cha ku Gauteng masana kumachita ziphaliwali, zikangoyamba aliyense amatuluka m'madzi. Mukafika thandizani kutsitsa boti pa ngolo, kulungani chingwe bwinobwino, pomaliza pukutani boti. Ndisakunamizeni, masiku ambiri wakuda pagombepo mudzakhala nokha ndipo anthu azidzayankhulana Afrikaans inu mukungomwetulira. Ine sabata zoyamba zinandisowetsa mtendere. Ena amakhaladi ozizira, asiyeni, koma ambiri akaona kuti umasunga nthawi ndipo maso sakuchoka pa mwana wawo ali kumbuyo kwa boti, amayamba okha kukuimbira.

Zizindikiro za manja muzidziwe musanapite. Chala chachikulu m'mwamba ndiye kuti onjezera liwiro, pansi chepetsa, kusisita pamutu ndiye ndibwezeni kugombe, dzanja kudula pakhosi zimitsa injini, ndipo mukagwa gwirizanitsani manja pamwamba pa mutu kuti aone kuti muli bwino. Ine tsiku loyamba ndinaiwala chomalizachi, ndinali bize kutsokomola madzi, boti linabwerera mothamanga woyendetsa nkhope itasintha, anandikalipira ndipo anali ndi chifukwa.

Kudzuka m'madzi ndi pamene ambiri amagonjera. Mumakhala ngati mwanjuta, maondo pachifuwa, nsonga za ma ski zitatulukira pamwamba, chingwe pakati, manja owongoka osapinda. Vuto lathu timafuna kudzikoka tokha ngati tikukoka khoka, ayi, boti ndi limene likudzutseni, inu ingodikirani. Ndipo mukagwa tayani chogwirira!! Ine ndinakakamira, ndinakwekwerezedwa chafufumimba madzi a Vaal akulowa m'mphuno, kabudula ali m'maondo, ana a eni boti akufa ndi phwete. Ndinadzuka ulendo wachisanu ndi chimodzi. Mawa lake ndinkalephera kugwira kapu ya tiyi, mikono ngati ndagona ndikupalasa bwato.

Zogula musathamangire. Ma ski awiri a ophunzira pafupifupi boti lililonse lili nawo, inu gulani layifi jekete yokuthinani bwino, yokhwepa imakwera mpaka m'makutu mukagwa. Kuyambira May mpaka August madzi a kuno amazizira koopsa, popanda wetsuit, chovala chothina chija choteteza kuzizira m'madzi, simulimba.

Pa kalabu mudzakumana ndi a slalom, aja a ski imodzi okhotakhota pa mipira isanu ndi umodzi yoyandama ija. Amayamba ndi chingwe cha mamita 18.25 nkumachifupikitsa, amuna amafika liwiro la makilomita 58 pa ola, akazi 55, pomwe inu pa ma ski awiri cha m'ma 30 zakwana. Anthu amenewa mafunde amadana nawo kwambiri, ndiye wina akakhala mu kosi, njira ya mipira ija, musadutse pafupi, dikirani mzere wanu. Koma musawaope, ndi omwewo amene amakuuza za ulele kuti ukuweramira kutsogolo kwambiri. Mukazolowerana nawo ganizirani zotenga laisensi ya skipper, yoyendetsera boti, ya SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha pamadzi kuno, chifukwa munthu wotha kuyendetsa amasowa kuposa woyang'ana kumbuyo, mwini boti nayenso amafuna akokedweko.

Za kumudzi, poti mwatchula Mangochi. Gulu la anthu okumana sabata ndi sabata ngati kuno ine kwathu sindinalipeze, zimakhala za m'maloji, ulipire akukoke mphindi zingapo. Komabe mukapita pa Disembala kokedwani ndithu, nyanja yathu madzi ake ndi ofunda komanso oyera, Vaal sangayerekeze nkomwe. Miyezi ya mwera ija mafunde ake sangakuloleni, ndipo nthawi ina iliyonse uzani woyendetsa atalikire maukonde ndi mabwato a asodzi, anthu aja ali pantchito pomwe ife tikusewera. M'mabango musamatsikiremo, likodzo ndi mvuu ndi kwawo kumeneko.

Mukapeza gulu mudzatiuze kuno kuti munadzuka ulendo wachingati. Ndipo kabudula mumange zolimba.