Malo odyera oti "timasamala chilengedwe": yambani mwafunsa za moto

Mayi wina wa ku Ntcheu boma watilembera pa imelo. Mwachidule akuti: "Ndikufuna kupita ndi alendo a kuntchito ku Dedza kuti tikadye nkhomaliro. M'tauni muja muli lesitilanti ina yomwe chikwangwani chake chimati imasamala zachilengedwe, ndipo mitengo ya zakudya ndi yokwererapo. Ndingadziwe bwanji kuti si nkhambakamwa chabe? Nanga tikafika tiitanitse chiyani?"

Zikomo amayi. Mipando ya nsungwi, mikeka pakhoma ndi maluwa a m'miphika ya dothi zisakutengeni mtima, zimenezo aliyense angagule tsiku limodzi. Mukangokhala pansi, mufunseni woperekera zakudya kuti, "Kodi achimwene, kukhitchini mumaphikira chiyani?" Kuno kwathu lesitilanti imawononga kapena kusunga chilengedwe makamaka pa moto.

Kuti mu uvuni wokwirira ndi dothi mutuluke kilogalamu imodzi ya makala, mumalowa nkhuni zolemera makilogalamu 7 mpaka 10, ndipo owotcha amakonda mitengo yachilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku, yomwe imatenga zaka zambiri kuti ikule. Ganizirani tsono mbaula zinayi zoyaka kuyambira m'mamawa mpaka usiku, china nyemba, china mbuzi, china nsima. Lamulo la zankhalango limaletsa kuwotcha, kunyamula ndi kugulitsa makala popanda chilolezo. Makala ovomerezeka alipo, ochokera ku mitengo yochita kudzala, ndipo amabwera m'matumba olembedwa dzina la amene anawapanga. Akakuuzani kuti amagwiritsa ntchito amenewo, pemphani kuona thumba lake. Likakhala thumba la feteleza lolukidwa ndi luzi pamwamba, yankho mwalipeza.

Mayankho omveka ndi gasi wa m'masilinda, mabriketi a utuchi kapena makoko a mtedza, kapenanso nkhuni za bulugamu ndi paini zochokera m'nkhalango zodzala, zoyatsidwa pa mbaula ya njerwa yokhala ndi chumuni kapena pa chitetezo mbaula. Nkhuni si tchimo ayi, bola zikhale zouma ndipo moto ukhale wotsekeredwa kuti kutentha kuzipita ku mphika. Yang'anani utsi musanalowe. Utsi woyera wokhuthala umatanthauza nkhuni zaziwisi: moto ukuthera kuumitsa nkhunizo m'malo mophika, ndiye zimalowa zambiri. Paini wauwisi ndiye woipa koposa, amadetsa miphika ndi kutseka chumuni ndi mwaye.

Mawu akuti "ife ndi a sola" amafunika kuwamvetsetsa bwino. Panelo imodzi ikuluikulu imatulutsa mawatsi 300 mpaka 500 dzuwa lili paliwombo, pamene mbale imodzi ya chitofu cha magetsi imafuna mawatsi 1,000 mpaka 2,000. Mapanelo awiri kapena atatu padenga amayatsa mababu, kutchaja mafoni, mwinanso kuyendetsa filiji. Nsima ya anthu makumi atatu sangaiphike, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene chifunga chimaphimba phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera. Sola ndi yabwino, koma funso la moto likadalipobe.

Ena ali ndi bayogasi, gasi wophikira wochokera ku ndowe ndi zotsala zowolera m'thanki, ndipo awa ndi oyenera kuwayamikira chifukwa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. M'thanki mumathiridwa ndowe za ng'ombe zosakaniza ndi madzi, ndowa imodzi ya ndowe ku ndowa imodzi ya madzi, pamodzi ndi zotsala za kukhitchini. Vuto lake ku Dedza ndi kuzizira. Tizilombo topanga gasiyo timafooka kukazizira kutsika madigiri 20, choncho m'nyengo yachisanu lawi limachepa. Mwini malo woona mtima adzakuuzani yekha kuti miyezi imeneyo amathandizira ndi gasi wogula kapena nkhuni. Wonena kuti bayogasi imamukwanira chaka chonse popanda chowonjezera, mufunseni kukula kwa thanki ndi kuchuluka kwa ng'ombe.

Kafunso kena kooneka kopanda pake: nyemba amaziviika? Nyemba zogonera m'madzi maola 8 mpaka 12 zimapsa msanga kwambiri poyerekeza ndi zongotsanulira mumphika zili gwa. Wophika amene amaviika nyemba ndi kuvundikira miphika amakhala kuti nkhani ya moto anaiganizira.

Tibwere pa mbale. Dedza ndi Ntcheu ndi kwawo kwa ndiwo. Mbatatesi, kabichi, karoti, anyezi, tomato ndi nsawawa zimachokera ku Bembeke, ku Tsangano ndi pa msika wa Lizulu, mtunda wosatha ngakhale theka la tsiku. Lesitilanti ya ku Dedza yokupatsani tchipisi cha mbatatesi zoumitsidwa mufiliji zochokera kunja kwa dziko ilibe chonena pa zachilengedwe. Funsani kumene amagula. Amene amagula kwa alimi amatchula dera, nthawi zina ndi tsiku la msika lomwe.

Koma kulimidwa pafupi sikutanthauza kuti mulibe mankhwala. Tomato ndi mbatatesi za dzinja zimapoperedwa kawirikawiri poopa chiwawu, ndipo mumaona nokha tomato wina pamsika ali mbuu ndi ufa wa mankhwala. Kabichi nayenso amapoperedwa chifukwa cha mbozi. N'chifukwa chake tingakulangizeni ndiwo zathu zomwe sizilira mankhwala: bonongwe, chisoso, luni, nkhwani wotendera, khwanya, chigwada, kholowa, ndipo m'chilimwe mfutso. Menyu yosintha ndi nyengo ndi chizindikiro chabwino. Bowa wa m'tchire ndi wa dzinja, masuku ndi mapichesi ndi a kumapeto kwa chaka. Bowayo ndi masukuwo amachokera m'nkhalango zomwezija zikuthera ku makala, kotero malo amene amagula kwa otola akupereka chifukwa choti mitengo isiyidwe ili chiimire. Bowa yekha samalani naye, adyeni pokhapo ophika akuudziwa mtundu wake ndi dzina lomwe.

Pa nyama, nkhuku ya lokolo kapena mbuzi ya m'mudzi ndi zabwino. Pa nsomba pali pofunsa. Chambo chachepa kwambiri m'nyanja, ndipo chambo chosakwana masentimita 15 n'choletsedwa kugwira. Akakubweretserani kasawala, kamwana ka chambo kosadzaza ndi chikhatho chomwe, bwezani. Kuyambira mu Novembala nyanja imatsekedwa ku makoka ena kuti nsomba ziswane, ndiye nyengo imeneyo funsani ngati nsombayo ndi ya m'damu la mlimi. Usipa ndi njira ina yosavuta.

Ngati angalole, ndipo amene alibe chobisa amalola, zungulirani kuseri. Zinyalala zizikhala zopatulidwa: makoko ndi masamba kwaokha, mabotolo ndi zitini kwaokha. Mulu wa kompositi wabwino umakhala wotalika pafupifupi mita imodzi, wosanjikiza zaziwisi, udzu wouma, phulusa pang'ono ndi dothi, wotembenuzidwa pakapita milungu iwiri kapena itatu. Umatentha m'kati ndipo umanunkhira dothi. Ukamanunkha chivundi ndi kuitana ntchentche, ndiye kuti wanyowa kwambiri kapena athiramo nyama ndi mafuta, zomwe zimakokanso makoswe ndi agalu. Zotsala za m'mbale ambiri amapatsa oweta nkhumba, koma ziyenera kuwiritsidwa ola lathunthu, chifukwa zotsala zosawiritsa zokhala ndi nyama ya nkhumba zimafalitsa chigodola.

Onaninso chiwaya. Mafuta akuda, ochita thovu, otulutsa utsi tchipisi chisanalowe, ndi otha ntchito. Sayenera kukazingiranso, komanso sayenera kutsanulidwa mu ngalande, poti amaundana, kutseka mapaipi, kenako kukathera kudambo kumene ena amathirira madimba. Asungidwe m'chigubu.

Za majumbo n'zachidule. Mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikiloni 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) analetsedwa ndi malamulo a 2015, ngakhale nkhaniyi inakokedwa m'makhothi kwa zaka zambiri. Malo osamala chilengedwe sakulungira tchipisi m'kajumbo kabuluu. Zakumwa sankhani za m'mabotolo agalasi obwezedwa, kapena thobwa ndi juwisi wa malambe wa m'jagi. Tengani kontena yanu ya zotsala.

Pamadzi pokha musanyengerere m'dzina la chilengedwe. Kolera ya 2022 ndi 2023 inafika m'maboma onse a dziko lino. Madzi akumwa a m'jagi akhale owiritsa, osefa kapena othira kolorini, ndipo funsani kuti ndi iti mwa njira zimenezi. Posamba m'manja achite kukuthirirani, ndi sopo, osati nonse kuviika m'beseni limodzi ati pofuna kusunga madzi. Saladi wosaphika idyani pokhapo mwakhutira ndi yankho la madzi.

Nanga mtengo wokwerawo? Mbali ina ndi womveka: gasi amafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, nkhuku ya lokolo imadula kuposa yachizungu, ndipo kompositi ndi bayogasi zimafuna wantchito. Mukapeza moto ndi kuseri zili bwino, lipirani ndi mtima umodzi. Mukapeza makala a m'tchire ndi dzenje lofuka utsi wa mapulasitiki, ndalama yowonjezerayo mukulipirira mikeka ya pakhoma.

Popeza muli ndi gulu, imbani foni dzulo lake. Nenani chiwerengero cha anthu, ndani sadya nyama, ndani akufuna nsima ya mgaiwa, ndani mpunga. Nkhuku ya lokolo imafuna ola ndi theka kapena awiri pamoto, nyembanso ziviikidwe usiku. Pemphani kuti ndiwo zibwere m'mbale zikuluzikulu aliyense azidzigawira, nsima ibwere mitanda iwiriiwiri, wofuna ina awonjezere. Alendowo muwauzenso atenge majuzi, pakuti malo ambiri otere amadyetsera panja, ndipo mphepo ya ku Dedza imaziziritsa nsima munthu asanamalize mtanda woyamba.