Kutentha kwa ku Mangochi si kwa m'chipululu

Achemwali ena andilembera imelo. Bambo a kunyumba kwawo, omwe amagwira ntchito ku Joni, akufuna kutengera banja lonse ku Namibia kukaona mapiri a mchenga a ku Sossusvlei, ndiye akufunsa kuti akayende bwanji bwinobwino. Pomaliza alemba kuti, "za kutentha zokha sitikudandaula, ndife a ku Mangochi."

Achemwali, mawu amenewo andilasa mtima, chifukwa nanenso ndinawayankhulapo ndili pa geti la Sesriem, polowera ku Namib-Naukluft National Park. Tinafika mochedwa, dzuwa litakwera kale. Tinayenda makilomita pafupifupi 60 pa phula, kenako 5 omaliza mumchenga wokhawokha, momwe mumadutsa 4x4 basi. Ine ndi mnzanga tinayamba kukwera Big Daddy, mulu wamchenga wotalika mamita oposa 300, titavala mapatapata, botolo la madzi lili limodzi. Mchenga wake ukaponda umakubweza m'mbuyo, komanso umalowa pakati pa zala ngati phulusa lamoto. Tisanafike ndi pakati pomwe, mnzanga uja anangoti zii. Nditamucheukira, milomo inali itayera, malaya ali gwaa, mizere ya mchere ili mbuu kumsana. Ndikamufunsa, ankayankha zosagwirizana. Ndinamutsitsa nditamukolekera paphewa, ndipo anatipulumutsa ndi alendo ena amene anatipatsa madzi awo n'kumugoneka mumthunzi wa galimoto. Ndikakumbukira nkhope yake mpaka lero m'mimba mumandiwawa.

Kuno Okutobala amaotcha ndithu, sindikukana. Koma nyanja ili pomwepo, mtengo wa mango uli pakhomo, mwana wogulitsa madzi ozizira sasowa pa depoti. Ndiponso thukuta timaliona likuyenderera, n'kudziwa kuti thupi likutha madzi. Kuchipululu mpweya ndi wouma, thukuta limauma lisanaoneke, munthu umangouma osadziwa. Ndiye ndinene mosapsatira: kudalira kuti unakulira kotentha n'koopsa kuposa kukhala mlendo wamantha, chifukwa wamantha amanyamula madzi.

Pali china chimene chinandipweteka tsiku lomwelo. Pansi pa Big Daddy pali Deadvlei, bwalo la dothi loyera momwe mwaima mitengo yakuda yomwe inafa zaka mazanamazana zapitazo, koma siola chifukwa kulibe chinyezi. Saloleza kuikwera kapena kuikhudza, koma ndinaona munthu wamkulu ndithu atakhalira nthambi kuti ajambulitse chithunzi cha pa Facebook. Dera limeneli bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2013. Lathu la Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear konkuno, linalowa kale mu 1984, koma pitani mukaone majumbo ndi mabotolo amene timasiya pamchenga Loweruka likatha. Chonde ana anu asakaphunzire khalidwe limeneli kwa inu. Chomwe mwalowa nacho mutuluke nacho, ndipo galimoto isachoke mumsewu wake.

Zoti muchite

Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, koma tengani majuzi poti usiku kumazizira kwambiri. Gulani chilolezo pa Sesriem, ndipo mukhale pa geti m'bandakucha, chifukwa amatsegula dzuwa likamatuluka n'kutseka likamalowa. Munthu aliyense akhale ndi malita ake a madzi atatu kapena anayi, ena atsale m'galimoto, komanso mapaketi a Thanzi ORS. Nsapato zotseka, masokosi, chipewa. Ngati galimoto yanu si 4x4, isiyeni pothera phula mukwere zonyamula alendo.

Ana musawakweze Big Daddy. Mulu wina wamchenga wotchedwa Dune 45, womwe uli m'mbali mwa msewu makilomita 45 kuchokera ku Sesriem, ukuwakwanira, ndipo ikamakwana 10 koloko mukhale mutatsika. Wina akayamba chizungulire kapena kubwebweta, mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi m'khosi ndi m'khwapa, mum'mwetse pang'onopang'ono ngati akutha kumeza, ndipo muitane thandizo nthawi yomweyo, chifukwa chipatala chili kutali kwambiri.